Wotchi pa Khosi la Minty

Tobias Nuske anabadwa pa 3 Malichi 2004, ndipo anakulira pa famu ya tirigu ndi nkhosa, makilomita khumi ndi anayi kumpoto kwa tauni yathu ya Korrumbit. Linali banja labwino. Bambo ake, a Graeme, anasewerera timu yathu ya mpira wa kuno, umene umawakhidwa ndi manja n'kumenyedwa ndi phazi, masewero 212. Mayi ake, a Lorraine, akhala akuimba limba ku tchalitchi cha Lutheran kuyambira 1998. Pa gome lawo munthu sankagwira foloko pemphero lisanathe. Ine ndakhala ndikusunga buku la timu kuyambira 1987, ndipo chilichonse chimene ndikulemba pano chili ndi tsiku lake. Zimene sindinazione ndi maso anga ndinazimva kwa Tobias mwini ndi kwa makolo ake. Wokayika abwere adzawerenge.

M'chaka cha 2022 mnyamatayu anagoletsa zigoli 61. Ankadumpha n'kuponda bondo pa mapewa a mnzake, n'kuwakha mpira m'mwamba anthu ali kukamwa yasa. Pa 4 Okutobala kunafika kalata yochokera ku timu ina yaikulu ya ku Melbourne: ankamufuna pa masewero oyesa achinyamata Loweruka pa 18 Febuluwale 2023. M'zaka zonse za m'buku langa, kalata yotere inali yachitatu kubwera ku Korrumbit. Choyenera kuchita chinali chimodzi chokha: kufika tsikulo ali ndi miyendo yokonzeka.

Kwathu kuno timu sikumana m'nyengo yokolola, chifukwa theka la osewera limakhala m'minda. Choncho kuyambira pa 24 Okutobala mpaka pa 9 Januwale, masabata khumi ndi limodzi, aliyense amathamanga payekha. Mayi Renee Vassallo, amene amayang'anira mphamvu ndi kuvulala kwa osewera, anapereka kwa aliyense pepala la mitunda ndi wotchi yolemba mtunda, liwiro ndi kugunda kwa mtima. Zimene wotchi yalemba zinkafika pa kompyuta yawo madzulo aliwonse.

"Mundimvetse," iwo anatero tsiku logawa mawotchi. "Sindikusaka mbava ayi. Manambalawa ndi amene adzandiuza katundu amene mwendo wa munthu ungasenze mu Januwale. Wothamanga mokwanira adzalowa gulu lobiriwira. Wosathamanga adzalowa gulu lofiira, ndidzamukweza pang'onopang'ono kwa masabata asanu ndi limodzi. Palibe chilango."

Tobias anawerengera masabatawo pa zala, n'kuona kuti wa gulu lofiira sangafike ku Melbourne pa 18 Febuluwale. Masabata awiri oyamba anathamanga yekha, mokhulupirika.

Loweruka pa 5 Novembala masana, akuthamanga m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, pambali pake panaima pikapu ya Brodie Cahill. Brodie anali ndi zaka 26, wosewera kumbuyo m'timu yathu, ndipo kalata yachiwiri mwa zitatu zija inali yake. Anapita ku Melbourne mu 2015, nabwerako patatha masabata atatu.

"Aise, akukuthamangitsa ndani? Apolisi?"

"Pepala la Mayi Vassallo, achimwene."

"Pepala! Zigoli 61 zija unagoletsa ndi pepala? Kwera, kumtsinje kuli anyamata, mowa uli pa ayezi."

"Nanga wotchi? Akaona kuti ndaima."

Brodie anayang'ana Minty, galu wa nkhosa wa a Nuske, amene ankatsatira Tobias lilime lili panja. Anaseka mpaka kumenya chiwongolero.

"Mphwanga, uli ndi wantchito waulere, iwe n'kumafa wekha? Mmangirire pakhosi. Ine ndiyendetsa pang'onopang'ono, iye azititsatira. Mayi uja akuona manambala, sakuona miyendo."

Tsiku limenelo Minty anathamanga makilomita asanu ndi atatu kumbuyo kwa pikapu, Tobias ali pa mpando, botolo lozizira lili pakati pa mawondo. Pambuyo pake inakhala ntchito ya kanayi pa sabata. Tobias anaphunzira kuyendetsa pikapu ya bambo ake pa liwiro la munthu, kuima kumene pepala lanena kuti apume, kufulumira kumene lanena kuti afulumire. Ntchito ya bodza anaigwira mosamala kuposa mmene akanagwirira ya choonadi.

Pa 21 Novembala Mayi Vassallo anamuimbira foni.

"Tobias, mtunda ndikuuona, koma kugunda kwa mtima sikukuoneka."

"Wotchiyi ndi yakale, mayi. Imaterereka ndi thukuta."

"Chabwino. Koma ukuthamanga bwino kwambiri, ndikunyadira."

Lachitatu pa 28 Disembala m'mawa, a Graeme akuchokera kokaona madzi a nkhosa, anapeza pikapu ikukwawa m'mbali mwa mpanda, galu ali pambuyo, chinthu chikunyezimira pakhosi pake. Anaimitsa njinga yawo yamoto pakati pa njira. Anamasula wotchi ija pakhosi pa galu, naigwira m'manja.

"Kuyambira liti?"

"N'zamasewera chabe, bambo."

"Ndafunsa kuti kuyambira liti."

"Novembala."

"Ndiye pa 18 Febuluwale tikatumize Minty ku Melbourne? Ndimugulire nsapato zinayi?"

Tobias anatsika m'galimoto n'kumenyetsa chitseko. Anali wamtali kuposa bambo ake ndi chikhatho chathunthu.

"Inu munathamanga mitunda yonseyo zaka khumi ndi zisanu, munafika kuti? Masewero 212, onse pa bwalo la fumbi la Korrumbit. Kalata yanu ili kuti? Ine sanandiitane chifukwa chothamanga m'mbali mwa mpanda ngati nkhosa. Anandiitana chifukwa cha zimene ndili nazo kale."

A Graeme anamubwezera wotchi.

"Ine sindikakunenera. Wakula, umavota, umamwa. Ukanene wekha kwa mayi uja. Koma dziwa kuti mwendo suwerenga kompyuta."

Lamulungu pa 8 Januwale, akutuluka m'tchalitchi, a Lorraine anamugwira Tobias mkono pafupi ndi chipata.

"Mwananga, mawa ukanene. Ukalowe gulu lofiira. Kalata ina idzabwera chaka chamawa."

"Amayi, kalata zitatu m'zaka makumi atatu ndi zisanu, inu mukuti ina idzabwera? Ine gulu lofiira sindilowa. Limenelo ndi la madala a mimba."

"Ukunamiza munthu amene ntchito yake ndi kukuteteza."

"Thupi ndi langa. Ndikulidziwa ndine."

Lolemba pa 9 Januwale, nthawi ya 5 koloko madzulo, osewera 34 anasonkhana pa bwalo. Kunkatentha madigiri 37. Mayi Vassallo ali ndi mwambo wawo: amaitana munthu mmodzimmodzi kuseri kwa mizati ya golo, kumene ena sangamve, n'kumufunsa funso limodzi. Amuna asanu ndi anayi anavomera kuti ntchito yokolola inawadyera nthawi, ndipo analowa gulu lofiira anzawo akuwakuwiza. Brodie anali woyamba kulowa, akuwerama ngati wolandira mendulo. Iye wotchi yake sanaipatsepo galu. Ankangoisiya pa firiji.

Itafika nthawi ya Tobias, anamufunsa: "Makilomita onsewa ndi a miyendo yako? Ngati pali sabata imene unadumpha, ndiuze pano, zithera pano."

"Onse ndi anga."

"Ndiye uli patsogolo pa timu yonse. Ukhala mtsogoleri wa gulu lobiriwira."

Tsikulo anathamanga maulendo khumi a mamita 200. Anamaliza, chifukwa anali ndi zaka 18, koma anakasanza kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo kumbuyo kwa ntchafu ya kumanja kunali kutakoka ngati waya wa mpanda. Pa bolodi la m'chipinda chovalira pamene aliyense amalemba mmene thupi likumvera, kuyambira 1, woipitsitsa, mpaka 10, wabwino koposa, iye analemba 9.

Brodie anamuona akutsimphina popita ku galimoto.

"Ukanena, akuchotsa milungu itatu, Melbourne yapita. Imwa mapiritsi awiri, Lachitatu udzakhala ngati mwana wa mphoyo."

Lachitatu pa 11 Januwale, nthawi ya 5.40, gulu lobiriwira linali pa ntchito yotola mpira pansi munthu ali pa liwiro lonse. Ine ndinali pa benchi ndi buku langa. Mpira wathu wooneka ngati dzira uja unadunda mokhota monga umachitira, Tobias anawerama mwendo wa kumanja utatambasuka, ndipo kunamveka phokoso ngati lamba wa makina waduka. Ndinalimva ndili mamita makumi anayi. Anagwa chafufumimba, nayesa kudzuka kawiri.

"Musandigwire! Ndadzikoka pang'ono basi! Ndisiyeni ndimalize!"

Kachitatu sanayesenso. Ku chipatala anapeza kuti mitsempha ya mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu inazuka pa fupa. Anamuchita opaleshoni ku Melbourne Lachisanu pa 20 Januwale. Mzinda umene ankaufuna anaufikadi, mwezi umodzi nthawi isanakwane, atagona chammbali kumbuyo kwa galimoto ya mayi ake.

Tauni inafuna wolakwa, ndipo inamupeza msanga. Ku sitolo ndi ku bala kunali mawu amodzi: Mayi Vassallo, mayi wa ku mzinda uja, wathyola mwana wa a Nuske, mnyamata wolimba kuposa onse. Komiti inaitanitsa msonkhano Lolemba pa 30 Januwale, 5 koloko, kuti imuchotse ntchito. A Graeme, amene ndi membala wa komiti, anauza mwana wawo m'mawa wa tsikulo: "Ndinati sindikakunenera, ndipo mpaka lero ndakhala chete, mwina molakwa. Koma dzanja langa silikwera kuchotsa munthu wosalakwa. Akandifunsa chifukwa, ndiyankha."

Tobias anatembenukira kukhoma.

Msonkhano unayamba pa nthawi yake. Wapampando, a Desmond Rooke, anali atayala mapepala a manambala pa tebulo.

"Mayi, makilomita 274 m'masabata asanu ndi anayi omaliza. Mnyamata anachita zonse zimene munalamula. Inu n'kumuthyola pa tsiku lachiwiri lokumana?"

"Ndinamupatsa katundu woyenera manambala amenewo," anayankha Mayi Vassallo, osagwetsa nkhope. "Mutandipatsanso manambala omwewo mawa, ndidzachitanso chimodzimodzi. Ngati mukundichotsa, ndichotseni, koma sindipepesa chifukwa cha ntchito imene ndinaigwira bwino."

Nthawi ili 5.25 chitseko chinatseguka. Analowa Tobias pa ndodo ziwiri, mayi ake atamugwirira chitseko, ndipo pambuyo pawo panali Minty. Galuyo anadutsa pansi pa tebulo n'kukagona pa mapazi a a Graeme.

"Agalu saloledwa muno," anatero a Rooke.

"Ameneyu ndi wosewera wanu, bwana. Makilomita 274 amenewo ndi ake. Ine ndinali m'galimoto ndikumwa mowa."

Wina anayamba kuseka, n'kusiya. Tobias anafotokoza zonse ataimirira, kuyambira pa 5 Novembala, ndipo thukuta linkatsika m'masaya chifukwa sakanatha kukhala pa mpando. Anatembenukira kwa Mayi Vassallo.

"Munandifunsa kuseri kwa mizati. Ndinakunamizani. Pa bolodi ndinalemba 9, mwendo uli pa 3. Ndikhululukireni."

"Masabata asanu ndi limodzi, Tobias," iwo anatero motsitsa mawu. "Ndinkangofuna masabata asanu ndi limodzi."

A Rooke anakhosomola, nandiyang'ana.

"Izi tisazilembe m'buku. Banja la a Nuske ndi lolemekezeka. Tingolemba kuti nkhani yathetsedwa."

"Ayi," anatero Tobias, mwaukali womwe uja anayankhira nawo bambo ake pa mpanda. "Tauni yonse yatukwana mayiwa masabata atatu. Lembani. Dzina langa, dzina la galu, masiku onse. Amene akufuna kuseka aseke."

Ndinalemba. Zili pa tsamba 146, ndipo ngakhale anthu awiri andipemphapo kuti ndiling'ambe, silidzang'ambidwa ine ndili moyo.

Loweruka pa 18 Febuluwale masewero a ku Melbourne anachitika popanda iye. Kalata ina sinabwere. Brodie Cahill anasewera masewero 16 chaka chimenecho, ndipo sanapondeko ku famu ya a Nuske kukazonda mnzake ngakhale kamodzi. Tobias anabwerera pa bwalo pa 20 Epulo 2024, m'timu yathu yachiwiri. Amawakhabe mpira bwino, koma mapewa a anzake sawafikanso.

Achinyamata amene mukuwerenga izi, ndikunena mosabisa. Ulesi ndi tchimo, ndipo sukhala wokha: umaitana bodza kuti liwubise, bodzalo n'kuitana linzake. Mukanamiza munthu amene waikidwa kuti akutetezeni, mwamusandutsa chida chokuvulazani, ndipo mlandu suli pa iye. Mungapusitse wotchi, makolo, mphunzitsi ndi komiti yonse, koma ntchito imene simunaigwire thupi lanu likuidziwa, ndipo lidzaulula pa tsiku limene simukufuna. Kulapa kwa Tobias kunapulumutsa ntchito ya Mayi Vassallo ndi chikumbumtima cha iye mwini, koma mwendo sikunaubwezere.

Masiku ano, m'nyengo yokolola, mukadutsa msewu wa kumpoto 6 koloko m'mawa, mudzamuona Tobias akuthamanga m'mbali mwa mpanda, wotchi ili pa dzanja lake. Minty amakhala patsogolo kutali, ndipo pa chipata chilichonse amaima n'kumudikira.