Wopambana Anatsala ku Mzimba

Keziya anakhala yekha m'chipinda cha makompyuta, manja ali m'masaya. Anzake a Fomu 3 anali atapita kukadya, koma iye njala inali itamuthawa.

Zonse zinayamba ndi mpikisano wolemba nkhani. Pofuna kupewa kukondera, ophunzira sanalembe mayina pamapepala awo koma manambala: N1, N2, mpaka onse kukwanira. Aphunzitsi a Malizani anapempha Keziya, mtsogoleri wa kalabu ya makompyuta, kuti alembe pulogalamu yosanja zinthu zitatu: manambala, mayina a eni ake ndi makalasi awo. Chilichonse chinali ndi mndandanda wakewake.

Kompyuta itasanja, inaika N10 patsogolo pa N2.

"Ikuwerenga ngati mawu, chilembo chimodzichimodzi," anatero Ridwan, mnzake wa m'kalabu. "Uiuze kuti 10 aziwerengedwa ngati nambala yathunthu."

Keziya anakonza, ndipo manambala anafola bwinobwino.

"Nanga mayina wawasuntha? Mindandanda itatuyi iyenera kuyendera limodzi," anatero Ridwan.

"Kodi akutsogolera kalabu ndani, iwe kapena ine?" anayankha Keziya osatembenuka. Ridwan anangonyamula chikwama chake n'kutuluka.

Oweruza anasankha nkhani ya N2. A Malizani atayang'ana papepala la Keziya, anapeza dzina la Esme, mtsikana wina wa Fomu 3, nalilengeza pamaso pa sukulu yonse. Esme anakwera minibasi kupita ku Mzuzu kukapikisana ndi sukulu zina. Kumeneko oweruza ena anayamba kuwerenga mokweza nkhani yopambanayo: mtsikana wina akupalasa njinga kuchokera ku Manyamula, mayi ake odwala ali pakaliyala. Esme anaimirira n'kunena kuti nkhaniyo si yake. Iye anali N10. Sukulu yawo anaichotsa mumpikisano.

Mwini nkhaniyo anali Tikondane, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo m'kalasi.

Keziya anazimitsa kompyuta n'kupita kukamufuna. Anamupeza pabenchi kuseri kwa laibulale.

"Tiko, si Esme kapena aphunzitsi. Ndine. Ndinasuntha manambala okha, mayina n'kuwasiya pomwepo. Ridwan anandichenjeza, ine osamva."

Tikondane anayamba kukanda benchi ndi chala.

"Amama ndinawauza kuti ndalephera," anatero motsitsa mawu. "Mbwenu anati ndisiye zolembalemba, ndilimbikire masamu."

"Chaka chamawa udzapambananso."

"Mpikisanowu ndi wa Fomu 3 okha, Keziya."

Pulogalamu Keziya akanatha kuikonza madzulo omwewo, koma ulendo wa ku Mzuzu unali utapita.

"Loweruka ndikufuna ndipite nawe kwanu," anatero. "Amayi ako akamve kuchokera pakamwa panga kuti unapambana."

"Ndi kutali chomene."

"Ndibwereka njinga."

Tikondane anangosendera kumapeto kwa benchi, Keziya n'kukhala pansi.