Amene Sanadye Nyama

Madzulo amenewo mkazi wa wogulitsa nyama ankachapa malaya a mwamuna wake kuseri kwa nyumba. Magazi a pamalayawo anali akuda bii, ndipo fungo lake linkakanirira kukhosi. Iye ankadziwa kumene achokera. Ng'ombe yawo inadzifera yokha m'khola, mimba itatupa, magazi akuchucha m'mphuno. Mwamunayo, munthu wosataya ngakhale chiboda, anaisenda mwakachetechete n'kuigulitsa yonse.

Woyamba kufa anali kalipentala. Anatuluka chilonda chakuda padzanja, khosi n'kutupa, mpweya n'kumalira ngati mluzu. Kenako anatsatira ana a aphunzitsi. Madzi anali atakokolola mlatho, moti panalibe wopita kuchipatala kapena wobwera. Mudzi unatsala ndi maliro ndi manong'onong'o.

Anthu anati mfiti ndi amayi ake a mkaziyo, amasiye okhala pafupi ndi khola, chifukwa ndi iwo okha amene sanadye nyama ija. Zoti analibe mano palibe anazikumbukira. Anawatsekera m'nyumba, chitseko n'kukhoma ndi misomali, nalumbira kuti adzatuluka imfa zikadzaleka.

"Bambo, kawauzeni za ng'ombe ija," mkaziyo anachonderera mwamuna wake.

"Ukufuna andiphe?"

"Aja ndi amayi anga."

"Tseka pakamwa."

Kutacha, chilonda chakuda chinatulukanso pamkono pa mwamunayo. Mkazi wake anaganiza kuti tsopano aulula. Koma iye anapinda malaya pamaso pa gulu.

"Onani, abale anga. Apongozi anga andilodza nanenso."

Mkaziyo analephera kupirira. Anaima pakati pawo.

"Si ufiti ayi. Ng'ombe ija inafa ndi matenda. Aliyense wodwala anaidya kapena kuigwira."

Kenako wina kumbuyo anati, "Mwana wa njoka ndi njoka."

Anthuwo anazula misomali, n'kumukankhira mkaziyo mkati, n'kukhomanso.

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la mkodzo. Amayi ake anamupapasa kumaso mpaka anamuzindikira.

"Wabwera kudzanditenga, mwana wanga?"

"Posachedwa, amayi. Anthu akangosiya kufa."

Tsiku lomwelo ng'ombe ina inagwa m'khola. Dzuwa likupendeka, utsi wonona unayamba kulowa pansi pa chitseko, ndipo mkaziyo anagwidwa ndi mantha kuposa kale. Panja anamva mawu a mwamuna wake akuuza amene ankalondera nyumbayo:

"Otchani, anzanga, mudye mukhute. Mfiti sailondera ndi njala."