Dzina Langa Linakwera Kale

Kwathu ndi ku Misuku, m'munsi mwa nkhalango ya Mughese, kumene nkhungu imachoka mochedwa. Ine ndine Dinah Namwaka, ndipo nkhani iyi ndi ya mlongo wanga Pius. Papita zaka zambiri, koma ndikamaifotokoza mtima umandiwawabe.

Tinakulira pa banja labwino, zimenezo palibe angatsutse. Amayi anamwalira Pius ali wamng'ono, ndiye adada, a Petros Simwaka, anatilera okha ndi khofi wa m'munda mwawo. Anali mkulu wa mpingo. M'mawa uliwonse tisanagwire khasu ankatiwerengera Baibulo, ndipo munthu wonama sankadya naye mbale imodzi.

Pius anali waukhondo mochititsa kaso. Ankasita ngakhale kabudula wa kumunda. A Chikaonda, mkulu wa za nkhalango wochokera ku Dedza, ataona mmene ankayalira bedi m'nyumba yawo ya alendo, anati mnyamata ameneyu akuthera pachabe m'mapiri muno. Ndiwo anamulembera kalata imene inamupezetsa ntchito pa sitima ya panyanja mu 1976, ali ndi zaka makumi awiri.

Tsiku lonyamuka adada anamugwira dzanja pa msewu.

"Akakupatsa makiyi a zipinda za anthu," anatero, "usaganize kuti zipindazo ndi zako. Akupatsa chifukwa akukukhulupirira. Ukataya chimenecho, ngakhale kusita sikudzakuthandiza."

"Ndamva, adada."

Ntchito yake inali ya m'zipinda za kalasi yoyamba, pamwamba pa sitima. Ankasesa, kuyala nsalu zoyera pa mabedi, kusintha mathawulo, kubweretsa tiyi ndi madzi otentha. Pa doko lililonse anthu a m'zipinda zimenezi ankakwera poyamba. Pius ankatsika kukawalandira, n'kuwanyamulira katundu, pamene khamu lonse likudikira padzuwa kuseri kwa chingwe, apolisi akufufuza m'mitolo, achinyamata a malaya ofiira akufunsa makadi a chipani. Katundu wonyamulidwa ndi wantchito wa m'zipinda palibe ankamutsegula.

Panali mwayi winanso. Kamodzi pa chaka wantchito aliyense ankapatsidwa chiphaso cha abale awiri, choti akwere poyamba ndi kugona m'chipinda popanda kulipira.

Atabwera ku tchuthi choyamba, Pius anali atasintha. Wotchi pa mkono, nsapato zowala, ndipo moni wathu wa mwaghona ankauyankha m'Chingerezi. Anandiuza kuti bedi limene ndinamukonzera lili ngati pogona mbuzi. Ndinapsa mtima, koma ndinameza. Adada anangoti, "Munthu amene umamunyamulira chikwama sakhala m'bale wako, mwana wanga. Usaiwale mbali ya chingwe imene unachokera." Pius anaseka.

Chaka chotsatira maso a adada anayamba kuvuta. Diso la kumanzere linafa msanga. La kumanja linayamba kuona zinthu ngati m'nkhungu. Dokotala wa ku boma la Chitipa sanatibisire. Anati diso lotsalalo likhoza kupulumuka ngati lingachitidwe opareshoni msanga, ndipo katswiri wa maso amene anali ku Blantyre ankabwerera kwawo kutha kwa February. Anatipatsa kalata yokhala ndi tsiku.

Ndinamulembera Pius. Yankho linabwera mwachangu, ndipo ndikadali nalo.

"Adumbu, mlongo wanga, musadandaule. Ndalembetsa chiphaso, dzina la adada ndi lanu. Mudzafike pa Chilumba Lachiwiri m'mawa, mudzaime kutsogolo kwa chingwe. Mudzakwera poyamba ngati mabwana. Bedi la adada ndidzayala ndekha."

Adada anandiuza kuti ndiwawerengere kalatayo kawiri. Lamlungu anaimirira mu tchalitchi n'kuthokoza Mulungu pamaso pa anthu chifukwa cha mwana wawo.

Zimene zinkachitika pa sitima nthawi imeneyo ndinadzamva pambuyo pake kwa Pius mwini wake. Panali mayi wina wa geni, dzina lake Emelda, amene ankadutsa malire mozemba kukatenga zitenje ku Tunduma, ku Tanzania. Anali wa pakamwa potsekemera. Anayamba ndi kumupatsa Pius malaya. Ulendo wina anamubweretsera wailesi. Kenako anamupempha kuti amulowetsere kachikwama kamodzi pakati pa katundu wa mabwana, ndipo kanadutsa bwinobwino. Posakhalitsa Pius ankamutsegulira chipinda chopanda munthu, awiriwo n'kumatsekeramo masana, anzake akugwira ntchito.

Kapitawo wake, bambo wachikulire wa ku Nkhotakota, anamuitanira pambali.

"Simwaka, mayi ameneyu si mnzako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndi mlendo chabe, bwana."

"Mlendo sakudziwa kumene umasunga makiyi."

Emelda atamva za chiphaso, maso ake anawala. Ulendo umenewo anali ndi katundu wochuluka, woti sakanabisika pakati pa zikwama za ena. Ankafuna chipinda chakechake.

"Undilembe ine ngati mlongo wako," anatero. "Ndani amamudziwa Dinah kuno?"

"Adada akudwala maso. Akubwera ulendo womwewu."

"Sitima imabwera mlungu uliwonse, bwana wanga. Madala akwera ulendo wotsatira. Diso silingafe ndi masiku asanu ndi awiri. Kapena ukufuna kudzakalamba ukutaya madzi a anthu osamba? Tikagulitsa mzigo uwu titsegula sitolo ku Karonga, dzina lako pamwamba."

Pius ankadziwa tsiku la m'kalata ya dokotala. Ndinali nditamulembera tsikulo ndi zilembo zazikulu. Anavomerabe. Akuti anafuna kutitumizira telegalamu, koma anachita manyazi, ndiye anangokhala chete n'kumayembekeza kuti mvula itiletsa kufika.

Mvula sinatiletse. Tinatsika ku Misuku pa lole ya khofi, tinakankha nawo m'matope pa Kapoka, tinagona kwa achibale ku Karonga. Lachiwiri m'mawa tinali pa Chilumba. Anthu anali pikitipikiti, chifukwa mlatho wa msewu wa kumwera unali utakokoloka ndipo basi sinkadutsa. Aliyense ankafuna sitima. Matikiti a pansi anali atatha dzulo lake, koma ine sindinade nkhawa. Tinali ndi Pius.

Ndinawatsogolera adada mpaka pa chingwe. Anali atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Kalaliki wa sitima anaima pamenepo ndi pepala la maina.

"Akalasi yoyamba okha," anatero.

"Tili pa chiphaso cha Pius Simwaka. Awa ndi a Petros Simwaka, ine ndine Dinah Namwaka."

Anayendetsa chala pa pepala, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi anga amatope.

"Dinah Namwaka wakwera kale."

"Bwanji? Dinah ndine."

"Mayi, wakwera kale ndi katundu wake. Ananena kuti bambo ake alephera kubwera. Uyo ali apoyo."

Ndinakweza maso. Pamwamba pa sitima panaima mayi wonenepa bwino, wovala duku lonyezimira, akumwa tiyi. Ndinamutulutsira kalalikiyo khadi langa la chipani lokhala ndi dzina langa. Anakanda mutu, n'kutuma munthu kuti akaitane Pius.

Anatsika atavala yunifolomu yoyera, thawulo pa mkono. Adada anafinya diso lawo.

"Ndikuona choyera chikubwera," anandinong'oneza. "Ndi iyeyo?"

"Ndi iyeyo, adada."

Adada anayamba kumwetulira, n'kutambasula dzanja pamwamba pa chingwe.

Kalaliki anati, "Simwaka, mayi uyu akuti ndi mlongo wako, ndipo madalawa ndi bambo ako. Pa sitima pali kale mlongo wako wina. Chiphaso chabodza ndi mlandu, ukudziwa. Anthu awa ukuwadziwa?"

Wapolisi anali atayandikira. Pius anayang'ana wapolisiyo, anayang'ana pamwamba pa sitima, koma ife sanatiyang'ane.

"Sindikuwadziwa, bwana. Kumapiri kwathu maina amafanana. Mwina anangomva kuti ndili ndi chiphaso."

 Dzanja la adada linakhala m'malere kanthawi, kenako linatsika pang'onopang'ono n'kugwira chingwe. Anthu kumbuyo kwathu anayamba kuseka, wina n'kunena kuti akuba a masiku ano amabwera ndi agogo omwe. Wapolisi anatikankhira pambali.

"Dinah," anatero adada, "mawu aja ndi a Pius?"

Ndinawagwira pa mkono.

"Ndi ake," anadziyankha okha. "Tiye tikhale pansi."

Tinakhala pa thumba la chimanga la munthu wina mpaka sitima inaliza lipenga n'kuchoka. Ndinapempha kalaliki wa matikiti, ndinagwada ndithu, koma malo panalibe. Tinadikira pa Chilumba mlungu wathunthu, tikugona pa khonde la tchalitchi. Ulendo wotsatira tinakwera pansi, pakati pa madengu a usipa, n'kukatsikira pa Chipoka kukagwira sitima ya pamtunda. Titafika ku Blantyre katswiri uja anali atachoka masiku anayi apitawo. Dokotala amene tinamupeza anaunika diso la adada nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Anatipatsa mankhwala odontheza. Pofika nthawi yothyola khofi, adada sankasiyanitsanso usana ndi mdima.

Pius sitinamuone pa ulendo wachiwiriwo, ndipo chifukwa chake tinachimva pa sitima pomwepo. Tsiku lomwe anatikana lija, apolisi anali atatsinidwa kale khutu. Pa Nkhata Bay anakwera n'kulunjika ku chipinda cha Emelda. Mwini wake anali atatsika pa doko lapitalo ndi kachikwama kamodzi, osatsanzika. Pansi pa bedi, ndi m'matumba a nsalu zochapa, anapezamo zitenje za ku Tanzania. M'kati mwa mtolo wina munali makalata ochokera kwa anthu amene anathawa m'dziko muno. Masiku amenewo kalata yotere inkangofunika imodzi kuti munthu atsekeredwe. Makiyi a chipindacho anali m'thumba la Pius, ndipo chiphaso chinali ndi siginecha yake.

Apolisi anabwera mpaka ku Misuku kudzafuna Dinah Namwaka. Chinandipulumutsa ndi kalaliki uja, amene anachitira umboni kuti anandibweza yekha pa chingwe. Pius anatsekeredwa zaka zinayi popanda kuzengedwa mlandu. Emelda sanaonekenso, ndipo sitolo ya ku Karonga ija sinamangidwe ndi njerwa imodzi yomwe.

Ine m'zaka zimenezo ndinakana mwamuna amene ankafuna kundikwatira ku Lufita, chifukwa panalibe wina wowatsogolera adada ku chimbudzi ndi ku tchalitchi. Baibulo ndinkawawerengera ndine. Tsiku lililonse ankamupempherera Pius pomutchula dzina, ndipo kunena zoona, ine ameni wanga sankatuluka.

Pius anabwera masana ena mu 1982, ndikuanika khofi pa thandala. Anali ataonda, mano awiri akutsogolo kulibe, atavala nsapato za matayala. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Sindinamupatse moni. Adada anali pa mpando wawo pakhonde, nkhope italoza kumene kunkachokera kutentha kwa dzuwa.

Pius anagwada patali. Adada anatembenuza mutu.

"Dinah, pabwera munthu," anatero adada. "Ndani?"

Mulungu andikhululukire, ndinayankha kuti, "Sindikumudziwa."

Pius anagwetsa nkhope pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. "Adada, ndine. Ndinakukanani. Maso anu ndinawapha ndine. Sindikupempha kuti mundilandire, ndangobwera kudzanena."

"Sendera kuno."

Anasendera ndi maondo. Adada anamupapasa kumutu, m'masaya, pa mipata ya mano ija.

"Ine ndikukudziwa," anatero. "Ndiwe Pius, mwana wanga. Ndakukhululukira. Koma nkhope iyi sindidzaionanso, ndipo chimenecho ngakhale ine sindingachikonze. Uzikhala nacho."

Anakhala nacho ndithu. Adada anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse Pius ankawayalira bedi mmene ankayalira la mabwana, makona opinda bwino, nsalu yosalala. Ankawabweretsera madzi otentha ndi kuwasitira jekete. Tsiku lina ndinamupeza ataima pakhomo la chipinda, akuyang'ana adada akupapasa bulangete kufunafuna pokhala. Bedi linali lokongola, koma mwini wake sankaliona.

Ine ndinatenga nthawi yaitali kuti ndimutchulenso mlongo wanga. Lero timadyera limodzi, koma sindinganame kuti ndinaiwala.

Inu achinyamata amene mukuwerenga izi, mudzapatsidwa makiyi, yunifolomu, ndi mphamvu yonena kuti uyu alowe, uyu adikire. Adzabwera okusekererani amene akufuna khomo lokhalo, osati inu. Musadzagulitse malo a kholo lanu kwa munthu wotere, ndipo musadzakane anthu amene anakulerani chifukwa choopa manyazi. Mukalapa, Mulungu amakhululuka, ndipo kholo labwino limakhululukanso. Koma Pius analapa ndi misozi, anakhululukidwa, ndipo adada anaikidwa m'manda asanaonenso dzuwa.