Kasitima ka Feteleza Kothamanga Mopitirira

Mtembo wa woyeza katundu wa padoko unapezeka m'mawa kuseri kwa nyumba yosungiramo feteleza, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Pamene Mayi Inspekitala, wapolisi wokhwimira pa milandu ya padoko, amafika, n'kuti Sajeni atagwira kale mlonda.

"Ine ayi, Mayi!" analira mlondayo m'chipinda chofunsira mafunso. "Dzulo madzulo ndinamva malemu akukangana ndi kaputeni wa kasitima ka feteleza kaja."

"Bodza lenileni," anatero Sajeni. "Kasitimako kananyamuka dzulo masana."

Ku ofesi ya doko anawatsegulira kompyuta. Sitima iliyonse imakhala ndi kachipangizo kouza doko pomwe ili, ndipo kadontho kosonyeza kasitimako pakompyutapo kanalidi kutali, kakupitabe mwaliwiro. Zinamuipira mlonda, ndende inali itamuyasamira.

Koma Mayiwo sakhutira msanga. "Kasitimaka n'kotani?"

"Injini imodzi, yothaitha," anayankha wapakompyuta. "Kakadzaza kamayenda ngati njinga pachitunda."

"Nanga kakuthamangira chiyani chonchi?" Mayi anadzambatuka, mpando n'kugwa. "Ha! Sajeni, iyi si sitima! Kachipangizoko akakweza pa boti la injini. Kasitima kenikeni kali pompano, tiyeni!"

Analiyatsa boti la apolisi, madzi akuwawaza kumaso. Atangokhota kuseri kwa chikhoma chotchinga mafunde, si ako kasitima! Kanali katatitimira mumchenga, madzi atakwirira mzere wa m'mbali wosonyeza polekezera katundu.

"Mlonda uja akammasule," Mayi anauza Sajeni, iwo akukwera makwerero. Kaputeni anamupeza atakhala pachitsulo, maso ali psuu.

"Kachipangizo kali kuti, bambo?"

"Kali ndi mlamu wanga, pa boti lake." Kenaka anayamba kuulula. "Ndinapakira mopitirira, n'kunyamuka popanda chilolezo. Titatitimira ndinatumiza kachipangizoko kutali kuti doko lisadziwe. Koma woyezayo anationa. Madzulo ndinapita kukamupempha asatineneze, poopa kuti adoko andilanda sitima. Anakana. Pafupi panali chitsulo."

"Anakana bwanji? Mawu ake."

Kaputeni anaphimba nkhope.

"Anati, 'Achimwene, ndikakusiyani mupite chonchi, mukamira ndi anthu anu onse.' Amandipulumutsa, Mayi. Ine n'kumumenya."