Suti ya Labala ya Dita

"Maso angawa ndi sikelo!" anatero Amalume Anselmo. "Ndikangoyang'ana nsomba, ndadziwa kulemera kwake. Sindinaphonyepo. Funsani mu Peniche monse!"

Dita sanafunse munthu. Iye ankayang'ana kunyanja.

Dita anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankakhala ndi amalume akewo, ogulitsa nsomba pamsika wa m'tauni ya Peniche, m'mphepete mwa nyanja. Amayi ake ankagwira ntchito kutali, ku France. Ankabwera kamodzi pachaka, mwezi wa Ogasiti.

Tsopano Amayi anali atabwera. Koma Lamlungu ankayenera kubwerera.

Amayi ankakonda kusambira. Dita ankafuna kusambira nawo. Ankafuna kukwera pamsana pawo. Ankafuna kuwagwira m'khosi, mafunde akamabwera.

Koma madzi a ku Peniche ndi ozizira. Dzuwa liwale bwanji, madzi amangoti zii!

Dita akalowa, mano ankayamba kugundana.

"Tuluka, mwanawe. Wazizidwa," ankatero Amayi.

"Sindinazizidwe, Amayi!"

"Nanga manowo akuimba nyimbo yanji?"

Dita ankatuluka. Ankakhala pamchenga, atafunda thawulo. Ankaona mutu wa Amayi uko, pamafunde. Chaka chonse Amayi anali kutali. Lero anali pafupi, koma anali kutalibe.

Lachinayi Amayi anati, "Mwanayu akufunika suti ya labala. Ija amavala anzake posambira kuti asazizidwe. Mawa tipite naye akayese."

"Akayese?" anatero Amalume. "Achemwali, mukundinyoza! Ine ndamuyang'ana kale. Ndamuyeza basi."

Lachisanu Amalume anabwera nayo suti. Inali yakuda, ya mizere yachikasu.

Dita anaivala. Manja anasowa. Mapazi anasowa.

Amalume anapinda mikono. Anapinda miyendo. Anapindanso.

"Yakula pang'ono pokha," anatero. "Mwana amakula ngati dzungu. Pofika Khirisimasi imukwana."

"Koma Amayi akupita Lamlungu," anatero Dita chapansipansi.

Dita analowa m'madzi. Madzi analowera m'khosi. Anatsikira kumsana. Anatulukira kumiyendo. Kenako analowanso ena, ozizira. Suti inadzaza ngati thumba. Dita analephera n'kuyenda komwe.

Amayi anamunyamula. Anamuvula suti. Anamufunditsa thawulo.

Dita anawerenga ndi zala masiku otsala. Loweruka. Lamlungu. Misozi inagwera pathawulo.

Loweruka m'mawa, Amayi anamugwira dzanja. Anapita kusitolo ya Mayi Zulmira, ogulitsa zovala zosambirira pafupi ndi gombe. Amalume ankatsatira pambuyo, suti yaikulu ili paphewa.

Mayi Zulmira anayang'ana sutiyo. Anayang'ana Dita. Anayang'ananso sutiyo.

"Anselmo, umagulira ana angati? Atatu pamodzi?"

"Adzakulira momwemo," anatero Amalume.

"Suti ya labala sitigula ya mawa. Timagula ya lero," anatero Mayi Zulmira. "Ikakwana, timadzi timalowa pang'ono. Thupi limatifunditsa. Timakhala momwemo. Ikakula, nyanja yonse imadutsamo."

Anabweretsa suti yofiira. Phazi la Dita linakana kulowa.

"Dikira," anatero Mayi Zulmira. Anamuveka kajumbo kuphazi. Phazi linangoti tereru! Linalowa. Linanso, tereru!

"Kweza manja."

Manja anakana kukwera.

"Ndikubanika," anatero Dita.

"Iyi yachepa. Vula."

Anabweretsa suti yobiriwira. Kajumbo kuphazi, tereru! Kajumbo kudzanja, tereru! Anatseka zipi kumsana.

"Kweza manja."

Manja anakwera.

"Tanyonyomala."

Dita ananyonyomala.

"Tapuma kwambiri."

Dita anapuma.

Mayi Zulmira anayang'ana m'khwapa. Munalibe makwinya. Anayang'ana kumsana. Kunalibe thumba. Analowetsa chala m'khosi. Chinalowa chimodzi chokha.

"Ikukugwira bwanji, kamwana iwe?"

Dita anaganiza. "Ngati Amayi akandikumbatira pabwalo la ndege."

Amayi anayang'ana kumbali. Anapukuta diso.

"Ndiye ndi yomweyo," anatero Mayi Zulmira.

Anathamangira kunyanja. Dita analowa. Timadzi tinalowa pang'ono. Tinazizira. Kenako tinafunda!

Dita anakwera pamsana pa Amayi. Anawagwira m'khosi. Funde linabwera. Anakwera nalo. Anatsika nalo. Linabweranso lina. Anakwera. Anatsika.

"Linanso, Amayi! Linanso!"

Anasambira, anasambira, anasambira. Wogulitsa madonasi anadutsa kawiri. Dita sanamuone n'komwe.

Kenako Dita anamva kaphokoso. Anali mano. Koma sanali ake.

"Amayi, mwazizidwa!"

"Eya, mwanawe. Ndalephera. Tiye titulukeko."

Dita anakhumudwa. Tsiku lotsala linali lomweli. Mawa kunali ndege.

Amalume anali pamchenga. Anali atakhalira suti yaikulu ija.

"Inetu sindinaphonye kwenikweni," ankawauza anthu. "Kusiyana kwake n'kochepa. Kachala kamodzi basi."

"Achimwene, tadzukani," anatero Amayi. "Tabweretsani kuno."

Amayi analowetsa mwendo. Analowetsa wina. Analowetsa manja. Dita anakoka zipi mpaka m'khosi.

"Kwezani manja, Amayi."

Manja anakwera.

"Tanyonyomalani."

Amayi ananyonyomala.

Dita anayang'ana m'khwapa. Munalibe makwinya. Anayang'ana kumsana. Kunalibe thumba.

Suti inawakwana Amayi ndendende!

Anthu pamchenga anafa nacho chiseko. Amalume anatsegula pakamwa.

"Amalume, munayeza bwino," anatero Dita. "Koma munayeza Amayi!"

Anagwira dzanja la Amayi, nawakokera kumafunde.