Zimene Foni Siiwala

Patatha zaka khumi ndi zisanu ali kunja, mwana wamkazi wa malemu wokonza mawailesi anabwerera kwawo. Anapeza mtengo wa pakhomo pa shopu ataudula, ndipo anthu a mumsewu uja, omwe kale ankapatsana moni, onse atawerama pafoni. Naye anayamba kukonza mafoni patebulo la bambo akelo.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi ndi foni yochedwa ngati kamba. Wokonza mafoniyo anamulembera vuto papepala: cache yadzaza.

"Kache?"

"Kashi, aphunzitsi. Ana a eni mumawaphunzitsa chonchi?"

Anamufotokozera kuti ndi kachipinda kobisika komwe foni imasungamo timakope ta zimene yaona, kuti isavutikenso kuzifuna. Ufufute chithunzi, kamthunzi kake kamatsalira momwemo.

"Ndiye inenso mundisunge mu kashi ya mtima wanu, Nyenyezi yanga."

Mawu achibwana! Koma chibwerere ndani anamuseketsapo? Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Ndilibe wina koma iwe. Chaka chisanathe ndikuveka mphete." Anakhulupirira.

Lachiwiri lina masana kunalowa mayi wobereka mwana, naponya foni patebulo. Wokonza mafoni anaizindikira pomwepo kuti ndi ya mphunzitsi uja, poti galasi lake anaika yekha.

"Ndi ya bambo a mwanayu," anatero mayiyo. "Amafufuta zonse asanalowe m'nyumba. Nditsegulireni kashi, ndimuone wakuba amuna a eniyo."

Kashi, kutchula bwinobwino! Anati anawaphunzitsa ndi amuna awo omwewo, monyadira. Mphunzitsi anagwira katchulidwe, tanthauzo linamudutsa.

Wokonza mafoni akanatha kudina kamodzi, zonse n'kufafanizika. Koma ateteze ndani? Anatsegula, natembenuzira galasi kwa mayiyo. Inali nkhope ya wokonza mafoni yemweyo, akuseka patebulo lomwelo.

Mayi uja anayang'ana galasi, kenako mwini nkhope.

"Ndiwe? Wanjiru iwe! Unachokera kutali konseko kudzapasula banja langa?"

"Ndine, mayi. Sindinkadziwa."

Mayiyo anamutukwana mpaka mwana kumsana analira. Kenako foni ya wokonza mafoni inalira, uthenga wochokera pa nambala yobwereka: "Nyenyezi yanga, foni ndaiwala kwa mlongo wanga. Usadandaule."

Anauwerenga kawiri. Kenako anakankhira foniyo kwa mayi uja.

"Ayankheni ndinu, mlongo wawo."