Penti Yoyera pa Njinga ya Malemu

Analowa m'sitolo ya zipangizo kudzagula sandipepa basi. Sandipepa yokha! Akanadziwa, akanalipira n'kutuluka osacheuka.

"Ya nambala yanji, achimwene?" anafunsa mtsikana wa pakauntala.

"Kodi sandipepa ilinso ndi manambala?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kutsamira shelefu. Patsaya lake panali kadontho ka penti yachikasu, ndipo akamaseka kankakwera kufupi ndi diso.

"Ilipo yokhakhala, ilipo yosalala. Mukupala chiyani?"

"Njinga. Dzimbiri layamba kudya kaliyala."

Mtsikanayo anasuzumira panja. Njingayo inali itatsamira khoma, yakalekale, yamahandulo opindika, yobiriwira moderako. Penti yake inkaonekeratu kuti inapakidwa ndi burashi.

"Ya agogo anu?"

"Ya bambo anga. Anatisiya chaka chatha."

Kuseka kuja kunazima. "Pepani kwambiri." Anatuluka kuseri kwa kauntala n'kuizungulira njingayo pang'onopang'ono, akusisita chishalo. "Zoterezi sizikupezekanso, mukudziwa? Itakhala yoyera mbee, anthu angamaime pamsewu."

Mnyamatayo ankatchedwa Digiri. Silinali dzina laulemu ayi. Anzake a mumsewu wawo anamupatsa atabwerako ku koleji ndi chikwama cha mabuku, maphunziro ali pakati, maliro a bambo ake atangotha. Chiyambire pamenepo ankayenda mutu uli pansi. Koma tsiku limenelo anatuluka m'sitolomo ndi sandipepa yamitundu iwiri komanso nambala ya foni ya mtsikanayo yolembedwa padzanja, nayenso atamusiyira yake.

Asanalowe n'komwe pageti, foni inalira.

"Mwafika bwino, a Mmisiri?"

"Ndafika, a Kadontho."

"Kadontho ndiye ndani?"

"Kadziyang'anireni pagalasi."

"Mayo ine! Ndiye munangondisiya chonchi? Ndinu oipa inu!"

Sabata isanathe, "inu" anasanduka "iwe". Mauthenga ankabwera m'mawa, masana, madzulo. "Mmisiri wanga wadya?" "Mtima wanga wadzuka bwanji?" Digiri ankawerenga uthenga umodzi mobwerezabwereza mpaka batire kutha. Munthu womutcha mmisiri, pomwe dziko lonse linkamutcha wolephera! Akanapanda kugwa bwanji?

Tsiku lina Kadontho analemba kuti: "Wanga, kupala kaliyala yokha n'kutaya nthawi. Chotsa penti yonse, ufike pachitsulo penipeni. Mankhwala osupulira penti ndikupatsa ndine."

"Penti imene ija anapaka bambo ndi manja awo."

"Ndikudziwa, wapamtima. Koma iwowo angakondwe kuiona ikuwola? Ukhala pamaliro mpaka liti? Ine ndikufuna ndikuone ukuseka."

Ndani anali atamufunsapo za kuseka chimwalirire bambo ake?

"Ukaimaliza," unabwera uthenga wina, "njinga imeneyo idzatinyamula awiri mpaka imvi. Ndikulonjeza."

Loweruka m'mawa Digiri anatenga masipanala a malemu. Anamasula matayala, tcheni, mapedulo, mabuleki ndi chishalo, timabawuti n'kutiika m'chitini. Felemu yokhayokha anaipachika ndi waya pamtanda wa pakhonde. Inkalendewera ngati chinthu chophedwa.

Anaipaka mankhwala aja ndi burashi yakutha. Fungo lake linali lobaya m'mphuno. Posakhalitsa penti yobiriwira inayamba kutupa matuza ngati khungu lopsa ndi moto.

Apo ndi pomwe mayi ake anatulukira, beseni la zochapa lili m'manja.

"Iwe! Ukuitani njinga ya bambo ako?"

"Ndikuikonza, amayi."

"Kukonza kwake n'kuisenda chonchi?"

"Ndiipaka ina yatsopano. Muona, ikongola."

Mayiwo anaika beseni pansi. Analoza chitsulo chapakati, pomwe penti inali itaperepeseka kalekale mpaka kusalala.

"Apa ukupadziwa? Apa ndi pomwe unkakhala iweyo akamakuperekeza kusukulu. Kabudula wako ndiye anapadya chonchi. Ndinawauza kangati kuti apakepo penti? Ankakana. Ankati pakhale momwemo."

Digiri anayang'ana. Pamalopo mankhwala anali atalowerera kale, penti ikukwinyika yokha.

"Ndapaka kale, amayi. Sizingabwererenso."

"Wakupatsa nzeru zimenezi ndani?"

"Mnzanga."

"Mnzako wovala siketi?"

Digiri anaviikanso burashi m'mankhwala. Mayi ake anatola beseni lawo n'kupita kuseri. Madzulo anabwera ndi tsache, anasesa tizibenthu tobiriwira tonse, koma sanakataye kudzala. Anatikulunga m'pepala n'kulowa nato kuchipinda. Kuchokera tsiku limenelo, mawu awo kwa iye anali awiri okha: "Chakudya chapsa."

Ntchitoyo sinali yamasewera. Mankhwala anamuotcha zala chifukwa magolovesi anabooka. M'makona momwe zitsulo zimakumana, penti inkakakamira, moti ankachita kuikolokosa ndi nsonga ya mpeni. Kenako sandipepa, yokhakhala poyamba, yosalala pambuyo, mpaka felemu yonse inawala ngati supuni.

Chitsulo chosavala sichidikira munthu. Chimafuna andakoti, penti yoyamba yapansi, tsiku lomwelo, apo ayi dzimbiri limabwerera. Kadontho anali atalonjeza kuti abweretsa akaweruka. Digiri anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, maso ali kugeti. Kadontho sanabwere.

M'mawa felemu inali itachita mawanga ofiira ponseponse.

"Pepa wanga, abwana anandigwira. Usandikwiyire, ukakwiya iwe ine ndifa!"

Anakwiya? Ayi ndithu. Anatenga sandipepa n'kuyambiranso, zala zikutuluka magazi.

Andakoti itafika, anapukuta felemu ndi mankhwala a thina n'kupopera. Itauma anaikwecha pang'ono, kenako n'kuyamba yoyera ija. Ulendo woyamba anapopera moyandikira kwambiri, penti inayenderera ngati misozi. Anadikira iume, anapalanso, anapoperanso patalipatali, mopyapyala, kangapo konse. Anatchinga khonde ndi nsalu zakutha kuti fumbi lisamatirepo. Ntchentche ikayandikira ankaithamangitsa ngati mbala.

Anyamata aja ankasuzumira pampanda.

"A Digiri, kodi ku koleji munkaphunzira zopenta? Mukamaliza mudzapente nkhuku zathu!"

Ulendo uno sizinamupweteke. M'thumba mwake munali uthenga woti, "Manja ako ndi agolide, mwamuna wanga."

Mwamuna wanga!

Tsiku lomwe anabwezeretsa matayala ndi tcheni, Kadontho anafika kunyumbako koyamba. Anapereka moni kwa mayi aja mwaulemu wonse, mawu ali pansipansi, mpaka anawalanda tsache n'kusesa khonde. Ataiona njingayo anagwira pakamwa.

"Eee! Mmisiri wanga! Ndi yomwe ija imeneyi?"

Anaijambula uku ndi uku. Kenako anamukokera pambali n'kumugwira zala zake zamabala zija.

"Ndibwereke mawa lokha."

"Mawa? Penti yauma pamwamba pokha, mkati ikadali yofewa. Ikufunika masiku kuti ilimbe. Ngakhale sitandi sindinabwezeretse."

"Amayi anga afika mawa, ndipo sakhalitsa. Ndikufuna aone ntchito ya manja ako, adziwe kuti sindinatole lova pamsewu. Akaikonda, Lamlungu ndikutenga ukawaone."

"Ine? Kwanu?"

"Nanga ndani? Ndiisamala ngati dzira. Ndikanama ndife."

Anapita nayo chokankha. Digiri anaima pageti mpaka kuyera kwake kunazimirira pakona. Atacheuka anapeza mayi ake ali pazenera, akumuyang'ana. Kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo, nkhope yawo inali itamasuka.

Mawa lake analemba m'mawa: "Afika amayi?" Zii. Analembanso: "Ati bwanji?" Zii. Anaimba, foni inangoitana mpaka kuduka yokha. Masana mtima unakana kukhala pansi, ananyamuka wapansi kupita kusitolo.

Pakauntala panali mkulu wodula magalasi, pensulo ili kukhutu.

"Mukufuna mkwatibwi wathu? Ali patchuthi."

"Mkwatibwi uti, bambo?"

"Aa, kodi khadi simunalandire? Inu kasitomala wake wamkulu? Ukwati ndi Loweruka likudzali. Panopa ali kupaki, kuseri kwa siteshoni, akujambulitsa zithunzi."

Digiri anaseka. Anasekadi, chifukwa mkuluyo ayenera kuti ankanena za mtsikana wina. Koma nanga miyendo inkathamangiranji?

Njingayo anaionera patali. Inali pansi pa mtengo, yoyera mbee. Kumahandulo anali atamangirirako dengu la maluwa ndi waya, ndipo maliboni anali atakulungidwa pafelemu yonse. Pambali pake panaima Kadontho, m'diresi loyera lokwekwerera pansi. Dzanja lake linali m'dzanja la mwamuna wamtali wa suti yotuwa.

Wojambula ankalimbana nayo njingayo. Akaiimika inkapendekera uku, akaisiya inkafuna kugwa.

Kadontho anatukula maso. Atamuona Digiri, anasiya dzanja la mwamunayo pomwepo.

"Ndani ameneyu, dali?" anafunsa wa sutiyo.

"Ndi... ndi wopenta uja."

"Aa, mmisiri mwiniwake!" Mwamunayo anamugwira chanza mwamphamvu, akumwetulira ndi mtima wonse. "Ntchito yabwino, mphwanga! Tinasakasaka njinga yachikale ngati iyi osaipeza. Tsiku lina madamuwa anangoti, 'Ndaiona, siyirani ine.' Akazi ndi ochenjera, eti?"

"Ndi ochenjeradi," anatero Digiri. Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

"Mwafika nthawi yabwino," anatero wojambula. "Bwanawe, tagwira kaliyala apa. Ugwade kuseri kwa diresi kuti usaoneke. Mkwatibwi, khalani pachishalo."

Akanatha kukuwa. Akanatha kutulutsa foni n'kuwerengera wa sutiyo uthenga umodzimodzi, kuyambira "mtima wanga" mpaka "mwamuna wanga". Koma Kadontho anali akukwera kale, njinga ikupendekera kumiyala, ndipo manja a Digiri anaigwira okha asanaganize. Njinga ya bambo ake igwe iye akuona?

Anagwada pafumbi. Diresi linamuphimba kumaso, likununkhira perefyumu yomwe ija ya dzulo.

"Chonde," Kadontho ananong'ona osacheuka, "usandiyalutse."

"Mwetulirani!" anakuwa wojambula. "Mkwati, mpsompsoneni patsaya! Eya! Kachiwiri!"

Atamaliza, mkwati anapita kukaona zithunzizo pakamera. Digiri anadzuka n'kuyamba kumasula waya wa dengu lija. Wayayo anali atalowa m'penti mpaka pachitsulo. Maliboni ankamatuka ndi penti yomwe, n'kusiya mizere ngati zipsera za chikwapu. Anasonkhanitsa maluwa onse n'kumupatsa Kadontho m'manja.

"Amayi ako aikonda?"

Kadontho anayang'ana pansi.

"Unadziwa tsiku lomwe lija, eti? Pomwe unkasisita chishalo."

"Ndikanakupempha mwachindunji ukanakana. Unati ndi ya bambo ako."

"Ndikanakana, inde."

"Poyamba inali njinga yokha. Koma kenako ndinakukondadi, Mmisiri. Pang'ono ndithu ndinakukonda."

"Pang'ono."

Anaigwira njinga yake n'kutembenuka. Kumbuyo anamva mkwati akufunsa, "Kodi wapita osamwa n'chakumwa chomwe?"

Sanaikwere. Anaikankha njira yonse, dzuwa likuswa mtengo, anthu akucheuka kuiyang'ana monga momwe mtsikana uja ananenera. Wina mpaka anaimba mluzu. "Yokongola, achimwene!" Digiri ankangoona mizere ija.

Pakhonde anapeza mayi ake atayala bulangete patebulo, akusita. Inali shati yoyera ya malemu, ija ankavala pa zochitika zikuluzikulu zokha. Sinatulukepo m'sutikesi chiikire maliro.

"Wabwera, mwanawe? Tabwera kuno ndikuyese m'mapewamu." Anamuika shatiyo pamsana, ikadali yofunda. "Ndinamva zonse dzulo, makutu angawa sanafe. Sungapite kwa eni mwana utavala zamapenti zakozo."

"Amayi..."

"Ndinakukwiyira, sindikana. Usiku ndimalira ndekha. Koma ndaganiza, bambo ako anapita, penti siingawabweze. Ngati njinga yawo yakupezera munthu, basi, yagwira ntchito yake." Anasuzumira njingayo, koma maso awo okalamba sanaone mizere ija. "Ndiye tandiuza, akwawo ati bwanji? Aikonda?"

Digiri anatsamiritsa njingayo kukhoma.

"Aikonda, amayi. Onse aikonda."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa.

"Pepa wanga, ndidzakufotokozera zonse. Koma Loweruka ikufunikanso, ikaime pakhomo la holo. Mwakalikamo ungapoperemo pang'ono? Ndiwe wekha ndimadalira."

Anaima chilili, shati ya bambo ake ili pamapewa, zilembo zikusambira m'maso mwake.

"Ndi iyeyo?" anafunsa mayi ake, akumwetulira. "Nanga ukudikira chiyani? Yankha msanga, mwanawe. Usamudikiritse mpongozi wanga."